Laputopu imodzi, masipika a malo anayi: momwe mungagawire mawu

Pa ukwati wina kutchalitchi kwathu ku Highfield, anthu anadzaza mpaka ena kukhala m'tenti panja. Kwaya inabwera ndi nyimbo zojambulidwa kale, kiyibodi, besi ndi gitala, ndipo mnyamata woimba ng'oma anapempha kuti azimva click, kaphokoso kaja kowerengera liwiro la nyimbo. Ine ndinali ndi laputopu, waya mmodzi wochokera pa bowo la mahedifoni, ndi chikhulupiriro basi. Mkwatibwi akulowa pang'onopang'ono, tchalitchi chonse chinamva "tiki, tiki, tiki" pamwamba pa nyimbo. Mayi wina wa Chigwirizano anandisendera n'kunong'ona kuti, "Achimwene, wotchi yanuyo tazimitsani, tikufuna timve kwaya." Am'tenti nawo anali ndi dandaulo lawo: mawu a abusa ankawafika kawiri, ena pa sipika yawo, ena kudzera pakhomo.

Cholakwa sichinali cha sipika iliyonse. Bowo limodzi limapereka chinthu chimodzimodzi kwa aliyense, pamene anthu a pa mwambo uja ankafuna zinthu zinayi zosiyana. Ndifotokoza momwe ndimachitira tsopano pogwiritsa ntchito Reaper, pulogalamu yojambulira ndi kusakaniza mawu, pa Windows. Mapulogalamu ena mabatani ake ali pena, koma kaganizidwe kake n'komweko.

Yambani ndi pepala

Musanayatse kompyuta, lembani malo onse amene kuli makutu, ndi zimene makutuwo ayenera kumva. Kwathu ndi anayi. M'tchalitchi mukufunika nyimbo yokha, yopanda click, chifukwa mawu a abusa ndi a kwaya akudutsa kale pa mikisa, makina olumikizirako maikolofoni ndi masipika. M'tenti mukufunika nyimbo pamodzi ndi mawu onse a m'maikolofoni. Kwaya, pa sipika yapansi yoyang'ana kwa iwo, imafuna kiyibodi yokwera kuti isasochere, ndi mawu aja owerenga "wani, thu, fili, folo" nyimbo isanayambe. Wa ng'oma amafuna click ndi besi m'mahedifoni, zina zonse chapansipansi.

Pambali pa malo alionse lembani nambala: tchalitchi 1, tenti 2, kwaya 3, ng'oma 4. Pepalalo mulimate pa tebulo. Tsiku limene mwadwala, amene akugwirireni ntchito adzayamikira pepalalo kuposa china chilichonse chimene mungamusiyire.

Wina afunsa kuti, nanga stereo, ija yogawa mawu ena kumanzere ena kumanja? Ine m'tchalitchi ndinaisiya. Stereo imakoma kwa amene wakhala pakati penipeni. Agogo amene akhala kumanzere pafupi ndi zenera amangomva za kumanzere, ndipo ngati gitala munaikankhira kumanja, kwa iwo gitalayo kulibe. Mono imapatsa onse mofanana, komanso imakusungirani bowo limodzi loti mutumizire kwina.

Zida zofunika

Pamafunika kabokosi ka USB kotchedwa audio interface, kokhala ndi ma output, ndiye kuti mabowo otulutsira mawu, anayi kapena kuposa. Behringer UMC404HD ndi Focusrite Scarlett 4i4 ndi zitsanzo za timabokosi ta ma output anayi. Pogula, kaya m'tauni kaya mwatuma wachibale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, tembenuzani kabokosiko muwerenge mabowo akumbuyo. Timabokosi tambiri totchipa tili ndi awiri okha, ndipo mahedifoni ake amangobwereza zomwe zili pa awiriwo.

Anthu ambiri kuno amadziwa Audacity chifukwa ndi yaulere. Ndi yabwino podula nyimbo ndi kuchotsa phokoso, koma posewera imatulutsa kumanzere ndi kumanja basi, ndiye pa ntchito iyi siithandiza. Reaper, ya kampani ya Cockos, mutha kuiyesa masiku 60 musanalipire, ndipo laisensi ya munthu payekha kapena bungwe losachita malonda ndi madola 60 a ku America. Ngati zanu ndi kungosewera nyimbo za pa YouTube kapena VLC n'kuzitumiza ku masipika a zipinda zingapo, pulogalamu ya Voicemeeter Banana ikukwanirani: ili ndi njira zitatu zotulukira, A1, A2 ndi A3, ndipo mumangodina batani la njira imene mukufuna pa tchanelo chilichonse. Koma kusakaniza ma track osiyanasiyana, mizere ya mawu a chida chilichonse pachokha, n'kupatsa aliyense zake, imeneyo ndi ntchito ya Reaper ndi anzake.

Pali msampha wina. Munthu amaganiza zophatikiza timabokosi tiwiri ta ma output awiriawiri kudzera pa kapulogalamu ka ASIO4ALL kuti akhale anayi. Zimatheka, koma kabokosi kalikonse kamayendera wotchi yakeyake, ndipo pakapita nthawi mawotchiwo amasiyana, mawu n'kuyamba kuthetheka. Pa Mac pali Aggregate Device mu Audio MIDI Setup, imene ili ndi njira yokonzera kusiyana kumeneku. Pa Windows, ine ndimati gulani kabokosi kamodzi kokwanira, mugone tulo.

Kudziwitsa Reaper za kabokosi

Ikani driver, kapulogalamu kodziwitsa kompyuta za kabokosi kanu, kuchokera pa webusaiti ya amene anakapanga. Tsegulani Reaper, dinani Ctrl+P, pitani pa Audio kenako Device. Pa Audio system sankhani ASIO, pansi pake sankhani dzina la kabokosiko. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: pa Output range pali first ndi last. Ngati last yaima pa output 2, Reaper sidzaona 3 ndi 4 ngakhale mawaya onse ali m'malo mwake. Ikani first pa 1, last pa 4. Chitaninso chimodzimodzi pa ma input.

Sample rate ikani 48000. Buffer, kachigawo ka mawu kamene kompyuta imakonzeratu isanatumize ku kabokosi, ikani 256. Pamenepo buffer imodzi imatenga mamilisekondi pafupifupi 5.3, ndipo laputopu wamba imakwanitsa. Mukamva kuthetheka, kwezani pa 512. Musathamangire 64 kuti muoneke akatswiri. Kompyuta ikalephera kudzaza buffer pa nthawi yake, mpingo wonse umamva.

Muli pomwepo, pa tsamba la Audio, chotsani chizindikiro pa mawu akuti Close audio device when stopped and application is inactive. Mukachisiya, nyimbo itaima, mukangotsegula pulogalamu ina, tinene yoonetsera mawu a nyimbo pakhoma, Reaper imatha kusiya kabokosi ndipo tenti imakhala chete. Kenako pitani pa Sound settings ya Windows muonetsetse kuti mawu a Windows yeniyeniyo akupita ku timasipika ta laputopu, asamapite ku kabokosi. Kaphokoso ka uthenga wolowa kamamveka bwino kwambiri pakati pa pemphero, ndikunena zimene ndinaziona.

Ma track ndi mabasi

Kokerani mafayilo a nyimbo mu Reaper, chida chilichonse pa track yake: kiyibodi, besi, gitala, mawu owerengera, click. Pemphani amene anajambula akupatseni mafayilo a mtundu wa WAV, onse oyambira pa sekondi imodzimodzi, ndipo click ichokere kwa iye yemweyo. Reaper ili ndi click yake pa Insert, koma imatsata liwiro la pulojekiti yanu, ndipo ngati silikufanana ndendende ndi la nyimboyo, pofika vesi lachiwiri wa ng'oma adzakhala ali kwina, kwaya kwina.

Tsopano dinani Ctrl+T kanayi mupange ma track anayi opanda kanthu. Atcheni TCHALITCHI, TENTI, KWAYA, NG'OMA. Amenewa ndi amene amatchedwa mabasi, ndipo dzinalo likuyenera. Ali ngati makombi a pa Copacabana: iliyonse ili ndi kumene ikupita, imangodikira okwera. Kiyibodi ikhoza kukwera zonse zinayi nthawi imodzi, click ikwera imodzi yokha.

Pa track iliyonse pali batani lolembedwa Route. Tsegulani la TCHALITCHI. Pamwamba pali pamene palembedwa Master send, potumizira mawu ku Master, njira yaikulu imene ma track onse amathera, chotsanipo chizindikiro. Pansi pezani Add new hardware output, ndipo pa mndandandawo mudumphe awiriawiri aja, monga Output 1 / Output 2, musankhe Output 1 yokhayokha. Reaper idzaphatikiza kumanzere ndi kumanja kukhala mono. TENTI ipatseni Output 2, KWAYA Output 3, NG'OMA Output 4, ndipo onse muwachotse pa Master send.

Chotsaninso Master send pa track iliyonse ya chida. Musaiwale ngakhale imodzi. Master ya Reaper imatulukira pa 1 ndi 2 ikakhala mmene inabwerera, ndiye track imene mwaiiwala idzalowa m'tchalitchi ndi m'tenti mosaitanidwa. Ikakhala click, mayi uja abweranso. Mukamaliza sewerani nyimbo: ngati zonse zili bwino, simumva kanthu ndipo mita ya Master siigwedera.

Kukweza okwera

Gwirani batani la Route la kiyibodi ndi mbewa, kokerani pa TCHALITCHI, siyani. Mwapanga send, njira yotumizira mawu a track ku basi. Bwerezani pa mabasi ena malinga ndi pepala lanu lija. Ma track akachuluka, tsegulani Routing Matrix pa View. Imaonetsa zonse ngati bolodi la draft, ma track kumanzere, kopita pamwamba, ndipo mumangodina pamene mizere yakumana. Ine ndimaitsegula nthawi zonse pomaliza kuti ndiyang'ane mzere wa click: uyenera kukhala ndi chizindikiro chimodzi chokha.

Send iliyonse ili ndi mphamvu yakeyake, komanso ili ndi malo amene imatengera mawu. Apa chedwanipo, chifukwa mikangano yambiri ya kwaya ndi wa zokuzira mawu imabadwira pano. Send ikakhala Post-Fader, imatsata fader ya track, kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira mawu: mukatsitsa kiyibodi, imatsika kulikonse kumene ikupita. Ikakhala Pre-Fader (Post-FX), imatenga mawu asanafike pa fader, ndiye mungatsitse kiyibodi mpaka pansi koma send ija siisintha.

Taganizirani zimene zimachitika pakati pa nyimbo. Abusa ayamba kulankhula kwaya ikung'ung'udza chapansipansi, inu mwatsitsa kiyibodi kuti mpingo umve mawu. Ngati send ya KWAYA ili Post-Fader, mwalandanso kwaya kiyibodi yawo, ndipo akadzakweza mawu adzapezeka atatsika kiyi. Iwo adzaloza inu, ndipo adzakhala akunena zoona. Choncho ma send opita ku TCHALITCHI ndi TENTI akhale Post-Fader, kuti dzanja lanu lizilamulira zimene anthu akumva. Opita ku KWAYA ndi NG'OMA akhale Pre-Fader, muwakonze kamodzi pa pulakatisi, kenako musawakhudzenso.

Kusakaniza kwenikweni

Tsitsani ma fader onse a zida. Kwezani besi kaye, kenako kiyibodi, kenako gitala, mukumvera muli m'tchalitchi momwemo, osati m'mahedifoni. Siyani malo a mawu a anthu. Nyimbo yojambulidwa ikamveka yodzaza bwino payokha, kwaya ikalowa sipadzakhala poponda. Ine ndimatsegula ReaEQ, chida cha mu Reaper chodulira mawu apansi kapena apamwamba, pa kiyibodi ndi gitala n'kudula zonse za pansi pa 100 Hz, chifukwa kumeneko ndi kwa besi, ndipo m'nyumba ya njerwa ndi malata mawu apansi amaunjikana msanga. Ngati mawu a kwaya akubisika, chepetsani pang'ono kiyibodi chapakati pa 2 ndi 3 kHz, kumene kumamvekera zilembo za mawu.

Yang'anani mita ya basi iliyonse. Pamene nyimbo yakwera kwambiri isapitirire −6 dB. Ikafika pa 0, mawu amang'ambika, ndipo palibe batani la pa mikisa limene lingawasoke. Kumbukirani kuti ma track akakumana mu basi imodzi mphamvu zawo zimaphatikizana, ndiye aliyense payekha akhoza kuoneka wofatsa koma basi n'kufiira. Ikatero, tsitsani ma send, mphamvu yotsalayo mukaipeze pa mikisa kapena pa sipika.

Pa basi ya NG'OMA ikani ReaLimit, chida cha mu Reaper choletsa mawu kupitirira malire. Amenewo ndi makutu a mwana wa eni ake, ndipo mawu akakwera mwadzidzidzi mahedifoni amaphulitsa. Output 4 isalowe m'mahedifoni mwachindunji, ipite kaye ku kabokosi kakang'ono kokuzira mahedifoni, kuti mwiniwake azikweza ndi kutsitsa yekha.

Tenti

Maikolofoni a abusa ndi a kwaya ine sindiwadutsitsa pa kompyuta popita m'tchalitchi. Amalowa pa mikisa, mikisa n'kupita ku masipika. Laputopu ikauma pakati pa ulaliki, ulaliki umapitirira. Output 1 imangolowa pa tchanelo chimodzi cha mikisa ngati chida china chilichonse.

Kuti am'tenti amve maikolofoniwo, tengani waya kuchokera pa Aux out ya mikisa, bowo lapadera lotulutsira mawu, mulowetse pa Input 1 ya kabokosi. Pangani track yotchedwa MIKISA, sankhani Input 1, dinani batani lofiira lojambulira, yatsani monitoring kuti mawu olowa azimveka, ndipo pa batani lofiiralo dinani ndi mbali yakumanja ya mbewa musankhe Record: disable (input monitoring only), kuti musadzaze disiki ndi mapemphero onse mosadziwa. Chotsani Master send, tumizani ku TENTI kokha.

Zinthu ziwiri apa zingakuchititseni manyazi. Track ya MIKISA ikapita ku TCHALITCHI, mawu amabwerera ku mikisa kumene anachokera n'kumazungulira, ndipo mluzu wake umathawitsa ana. Reaper siingakuchenjezeni chifukwa kuzungulirako kukuchitikira kunja kwake. Chachiwiri, pa tchanelo cha mikisa chimene mwalowetsa laputopu, kachitsulo ka Aux kakhale pa ziro. Apo ayi nyimbo ifika ku tenti kawiri, mwachindunji komanso kudzera pa mikisa itachedwa pang'ono, n'kumamveka ngati ikuimbidwa m'mgolo.

Tsopano za mawu a abusa ofika kawiri m'tenti zija. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi kukakhala kutentha kwa madigiri 20, kutanthauza mamilisekondi pafupifupi 2.9 pa mita iliyonse. M'waya amafika nthawi yomweyo. Munthu wa m'tenti amayamba wamva sipika yake, kenako mawu omwewo akutuluka pakhomo la tchalitchi atachedwa. Mankhwala ake ndi kuchedwetsa sipika ya m'tenti kuti idikire anzake.

Yezani mtunda kuchokera pa sipika ya m'tchalitchi kufika pa ya m'tenti. Tinene ndi mamita 25. Chulukitsani ndi 2.9, mupeza 72.5. Pa basi ya TENTI ikani ReaDelay, chida cha mu Reaper chochedwetsera mawu, tsitsani Dry mpaka pansi, Wet ikhale pa 0 dB, Feedback pansi, Length (musical) pa 0, Length (time) pa 73. Kenako tulukani mukaime m'tenti chakufupi ndi khomo, mnzanu aziwomba m'manja kamodzikamodzi pa maikolofoni, wina azisuntha nambalayo mpaka kuwombako kumveke kumodzi. Mwina mudzaima pansi pa 73, chifukwa mawu a maikolofoni achedwa kale pang'ono polowa ndi potuluka m'kompyuta. Khutu ndilo liweruze. M'mwezi wa October, Harare ikapsa, mawu amathamangako pang'ono, mamita pafupifupi 349 pa sekondi pa madigiri 30, koma pa mtunda uwu kusiyana kwake ndi milisekondi imodzi ndi kanthu, musavutike nako.

Mawaya ndi magetsi

Waya wopita ku tenti akhale wa balanced, wokana phokoso la m'njira, wa XLR kapena jack ya mizere iwiri yakuda. Waya wa gitala pa mamita 25 amatola phokoso lililonse la m'njira. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza, ndiwo magetsi athu a 50 Hz akulowa m'mawu. Zulani chaja cha laputopu mumve: kulirako kukatha, vuto ndi la earth yodutsa njira ziwiri. Ikani kachipangizo kotchedwa DI box pakati pa kabokosi ndi mikisa, mudine batani lake la ground lift, ndipo ngati n'kotheka laputopu, mikisa ndi masipika zidyere pa soketi imodzi. Ndaonapo anthu akuthyola mwendo wa earth pa pulagi kuti phokoso lithe. Limathadi, koma mwendo umenewo ndi umene umateteza munthu wogwira maikolofoni chida chikawonongeka mkati. Musatero.

Magetsi akathima, laputopu imapitiriza ndi batire koma mikisa ndi masipika zimafa. Imitsani nyimbo msanga, zimitsani masipika pa batani lawo, ndipo musawayatse mpaka jenereta itakhazikika. Ngati kabokosi kanu kanazimanso, Reaper ikhoza kukataya. Tsegulani Ctrl+P pa Device mudine OK kuti ikapezenso.

Kuyesa

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye bwerani kudakali ola lathunthu. Yesani basi imodziimodzi: tsekani atatu ndi Mute, sewerani nyimbo, yendani ndi miyendo yanu mukamve ngati ikutuluka kumene pepala likunena. Valani mahedifoni a wa ng'oma inu mwini. Imani pamene pamaima mayi woyambitsa nyimbo, mumve ngati kiyibodi ikumufika. Kenako funsani eni ake mmodzimmodzi, "Amayi, tikweze chiyani?" ndipo musinthe send yawo yokha, fader ya track musaikhudze. Kwaya ikapempha kukweza zonse, yambani mwatsitsa chimene chikuphimba zinzake, chifukwa sipika yapansi ikakwera kwambiri imalowa m'maikolofoni awo omwe n'kuyamba kulira.

Ngati nyimbo zili zingapo, zindandalikeni mu pulojekiti imodzi motsatana, dinani M poyambira pa iliyonse kuti muike chizindikiro. Manambala a pa kiyibodi ya kompyuta amadumphira pa zizindikirozo: 1 nyimbo yoyamba, 2 yachiwiri, kenako Space kuti iyambe. Wotsogolera mwambo akasintha ndondomeko mwadzidzidzi, monga mwa masiku onse, simufufuza ndi mbewa.

Zonse zikakhala bwino, sungani ndi Ctrl+S, kenako chotsani nyimbozo musunge mabasi okhaokha ngati template, pa File, Project templates. Sabata yamawa mudzangotsegula n'kukokeramo nyimbo zatsopano. Matani kapepala ka nambala pa waya aliyense mbali zonse ziwiri, 1 mpaka 4. Poyatsa yambani laputopu, kabokosi, mikisa, masipika pomaliza. Pozimitsa yambani masipika, ndipo la m'tenti mutume mwana akalizimitse musanazule USB.